Mphutsi m'khola la nkhuku: kodi n'zonyansadi?

Pa K100 iliyonse imene mlimi walowetsa m'khola la nkhuku, pafupifupi K70 imathera pa chakudya, ndipo chokweza mtengo kwambiri ndi soya ndi nsomba zogaya. Zonsezi anthunso akuzifuna. Usipa wopita kuchigayo cha ziweto ndi ndiwo zimene banja lina likanadyera nsima. N'chifukwa chake alimi ena ayamba kuweta ntchentche yakuda yooneka ngati mavu, ya black soldier fly, kuti mphutsi zake azidyetsa nkhuku.

Kuseri kwa khola lina kunja kwa Lilongwe kuli kachisakasa kotchingidwa ndi neti. M'katimo ntchentche zangokhala phee pamasamba, zina zikuikira m'timipata ta makatoni odula, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 500. Pambali pandandalikidwa mabeseni a tomato woola, makoko a nthochi, kabichi wotsala kumsika ndi masese. Mulu wonsewo ukuyenda nyakanyaka ndi mphutsi, ukapisa dzanja n'kotentha. Pakatha masabata awiri mayi mwini khola amasefa: mphutsi zonenepa amaziviika m'madzi owira n'kuziyanika, zotsalira zakuda zija n'kukathira kudimba. Mphutsi zouma zimakhala ndi mapuloteni pafupifupi 40 pa 100 alionse, osasiyana kwenikweni ndi soya.

Pamene pavuta ndi pa ogula. Ambiri akamva za mphutsi amakumbuka chimbudzi, nati nkhuku yotere sangaidye. Komatu anthu omwewa amalipira mtengo wokwera pa nkhuku yachikuda, ija imaswera kudzala ikupalasa chilichonse, n'kumaitama kukoma! Ntchentche imeneyi ndi yosiyananso ndi ya m'nyumba: ikakula siluma, sitera pansima, ndipo imangokhala masiku ochepa. Maiko a ku Ulaya, okhwimitsa malamulo a zakudya, analola tizilombo m'chakudya cha nsomba mu 2017, ndi cha nkhuku ndi nkhumba mu 2021.

Nkhawa ya ogulayi ili ndi mbali yoona, ndipo okopa alimi asaithawe. Mphutsi imatenga zimene yadya. Yoleredwa pa zinyalala zosakanikirana ndi mabatire, mankhwala a mbewu kapena zonyansa za anthu ingathe kupatsira nkhuku poizoni ndi matenda. Funso loyenera kufunsa mlimi ndi lakuti mphutsizo wazidyetsa chiyani, ndipo lamulo liyenera kulunjika pamenepo. Alimi asanamizidwenso kuti mphutsi zokha n'zokwanira. Madeya, chimanga ndi laimu zikufunikabe, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye ntchentchezi zimaswana mochedwa.

Kumudzi nkhaniyi siidabwitsa achikulire. Iwo akhala akugumula chulu kapena kuvundikira mphika wa udzu wonyowa kuti akole chiswe cha anapiye ndi nkhanga, ndipo ngumbi zikatuluka mvula yoyamba, ana ndi nkhuku amazilimbirana pabwalo limodzi.