NKHUNGU IMENE IDIKIRA CIPATSO KUTI CIPSE

Nyengo ya mango ikafika, amai ambiri ogulitsa zipatso m'misika amakhala ndi dandaulo limodzi. Mango amene anathyoledwa ali osalala amayamba kuturuka madontho akuda atangokhala m'dengu masiku owerengeka. Madonthowo amakula ndi kulowa m'kati, ndipo cipatso cimafewa ndi kuola. Makotapela naonso amacita cimodzimodzi. Ogula amadutsa osayang'anako, ndipo ndalama imene ikadagula unga ndi sopo imathera ku dzala.

Ambiri amaganiza kuti zipatsozo zimatenga matenda pa msika, koma kawirikawiri zimacoka nao ku mtengo. Cimene cimayambitsa madontho amenewa ndi nkhungu ya mtundu wa bowa, yocedwa Colletotrichum. Njere zace, zosaoneka ndi maso, zimamwazika ndi madontho a mvula, zimamera pa khungu la cipatso cosakhwima, kenaka zimagona cete. Cipatso caciwisi ciri ndi mankhwala ace-ace odzitetezera. Nkhunguyo imadikira kufikira mankhwalawo atacepa pa nthawi yakupsa.

Ikadzuka, imasintha kuwawasa kwa cipatso. Akatswiri amayesa kuwawasa ndi muyeso wocedwa pH, umene uyambira pa 0 kufika pa 14. Madzi oyera ali pa 7. Zinthu za asidi monga mandimu ziri pansi pa 7, pamene cidulo cophikira therere ciri pamwamba pace. Kotapela akamapsa, muyeso wace umakwera wokha kucokera pafupi ndi 5.2 kufika pafupi ndi 6.3.

M'caka ca 2001, Dov Prusky wa ku Volcani, malo ofufuzira za ulimi m'dziko la Israel, pamodzi ndi anzace anaonetsa kuti nkhunguyi simakhutira ndi kukwera kumeneko. Imaturutsa amoniya, mpweya uja umene umanunkha m'khola la mbuzi, ndipo amoniyayo amapha asidi pa malo pamene nkhunguyo yakhala. Cifukwa cace n'cakuti nkhungu imadya mwa kuthira madzi osungunula pekitini, ulimbo umene umagwirizanitsa tizigawo ta mnofu wa cipatso. Madziwo imawaturutsa mocuruka pokhapo kuwawasa kutacepa. Ulimbo ukasungunuka, mnofu umaphwasuka, nkhungu nipeza cakudya.

Si nkhungu zonse zimene zimatsata njira imeneyi. Nkhungu yobiriwira imene imaphimba malalanje, yocedwa Penicillium digitatum, imacita mosiyana: imaonjezera asidi m'khungu la lalanje, popeza madzi ace osungunula amagwira bwino nchito m'malo owawasa. Ina ndi Sclerotinia, imene imaoletsa nyemba, soya ndi mpendadzuwa. Kale m'caka ca 1886, Anton de Bary wa ku Germany anapeza asidi m'makaroti oola ndi nkhungu imeneyi. M'caka ca 1990, akatswiri a ku Nebraska m'dziko la America anayesa mitundu yace yolephera kupanga asidiyo, ndipo anaona kuti sinathe kudwalitsa nyemba.

Motero nkhungu sikhala yodalira mwai. Iri ndi mphamvu yozindikira kuwawasa kwa malo amene yafikapo, ndi kuwasintha kuti agwirizane ndi zida zace.

Kwa mlimi ndi wogulitsa, phunziro lace n'lakuti dontho lakuda likaoneka, nthawi yoteteza yapita kale. Nchito iyenera kuyambira ku munda. Nthambi zouma ndi zipatso zoola zotsalira m'mtengo zicotsedwe ndi kutenthedwa kapena kukwiriridwa, pakuti ndimo m'mene nkhungu imabisala kufikira mvula ina. Mtengo udulidwe nthambi zothithikana kuti dzuwa ndi mphepo zilowe. Zipatso zithyoledwe ndi manja, osati kuzigwetsa ndi miyala kapena ndodo. Malalanje makamaka amagwidwa ndi nkhungu polowera pa bala. Zisungidwe pa mthunzi pozizira kuti zisapse msanga, ndipo cimene cayamba kuola cipatulidwe tsiku lomwelo.

Amene amalongeza mango ambiri amawamiza m'madzi ofunda a madigiri pafupifupi 52 kwa mphindi 5, kuti afooketse nkhungu yogona pa khungu isanadzuke. Njirayi ifunika coyesera kutentha, cifukwa madzi otentha kwambiri amaocha cipatso. Wofuna kuiyesa ayambe wafunsa alangizi a za malimidwe a m'dera lace.