"Ndimayesa Mulibe Chipolopolo"

Munthu akavulaza mnzake ndi mfuti mwangozi, mau amene amatuluka pakamwa pake kawirikawiri ndi awa: "Ndimayesa mulibe chipolopolo." Wonena mauwa sakhala mbava kapena chigawenga ai. Amakhala mlonda amene amapukuta mfuti ya pantchito, bambo amene amaonetsa alendo mfuti yake, kapena mwana amene waipeza pansi pa pilo. Wovulalayonso sakhala mdani. Amakhala wa pakhomo pomwepo.

Kodi nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife a ku Salima?

Ena adzati, ife ndife asodzi a ku Senga Bay ndi Chipoka, ndife alimi a mpunga a ku Lifuwu, mfuti tiione kuti? Tikumbukire mbiri yathu. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo zina zinaoloka malire. Mu December 1993 asilikali a dziko lino analanda zida za a Payoniya pa ntchito ija ya Bwezani, koma ena mwa a Payoniyawo anathawa ndi mfuti zao. Vutoli linakula m'chigawo chonse, kotero kuti mu 2001 maiko a SADC anasainirana pangano loletsa kufala kwa mfuti mumzinda wa Blantyre. Mfuti si nsomba yoti ingaole. Yobisidwa kudenga zaka makumi atatu zapitazo ikhoza kulira lero. Kuonjezera apo, pali mfuti zololedwa ndi Boma zimene amasunga amalonda ndi eni malo ogona alendo, ndiponso mfuti za gogodela zosulidwa kumudzi.

Chipolopolo chobisala

Tiyeni timvetse bwino pano, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwira. Mfuti yaing'ono ya m'manja, imene timaitcha pisito, imasunga zipolopolo m'kabokosi kolowa m'chigwiriro chake. Munthu akakokera kumbuyo chitsulo cha pamwamba, chipolopolo chimodzi chimachoka m'kabokosi muja nkukakhala kukhosi kwa mpope, chokonzeka kutuluka. Tsono munthu akhoza kuzula kabokosi konse, nkukaika pa tebulo, aliyense nkuona ndi maso kuti zipolopolo zili apo. Koma chimodzi chija chikadali m'kati. Pa mfuti zambiri za mtunduwu, chala chikangokoka kachitsulo koombera, mfuti imalira ngakhale kabokosi kalibe.

Nchifukwa chake ophunzitsidwa bwino amayamba achotsa kabokosi, kenaka nkukoka chitsulo cha pamwamba kuti chotsala chija chigwe, nkusuzumira m'kati ndi maso ao. Ukasintha ndondomekoyi, nkuyamba ndi kukoka chitsulo, chipolopolo china chimalowa m'malo mwa chotulukacho.

Tisaganize kuti cholakwa chotere nchathu tokha osaphunzira. Mu October 2021, ku New Mexico m'dziko la America, mai wojambula kanema dzina lake Halyna Hutchins anafa ataombedwa ndi mfuti imene inali m'manja mwa katswiri wa zisudzo Alec Baldwin. Iyeyu anali atauzidwa kuti mfutiyo ilibe chipolopolo chenicheni. Panali anthu olembedwa ntchito yoyang'anira mfutizo, koma munthu anafabe.

Tsono lamulo loyamba ndi lakuti mfuti iliyonse tiiyese yodzaza, ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe kanthu. Kukamwa kwake kusaloze munthu, ngakhale mwanthabwala. Chala chikhale kutali ndi kachitsulo koombera. Mfuti zina zili ndi kotsekera koletsa kulira, koma kotsekerako kakhoza kuonongeka kapena kuiwalika. Za mowa sitichita kunena zambiri: mfuti isafike pamalo omwera kachasu kapena pa phwando la ukwati.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi vuto linanso. Tonse tinaonapo ana akuponya mwala wophwatalala pamadzi, mwalawo nkumadumphadumpha. Chipolopolo chimachitanso chimodzimodzi. Munthu woombera ng'ona kapena mvuu akhoza kupha msodzi amene ali m'bwato kutali, kapena mai amene akuchapa padooko lina. Nyama ikavuta, tiuze a Boma oona za nyama zakuthengo. Chipolopolo choombera m'mwamba nachonso chimatsika, ndipo denga la udzu kapena khoma la bango silingachiimitse.

Amene muli ndi chilolezo

Malamulo a dziko lino salola munthu kusunga mfuti popanda chilolezo chochokera kupolisi. Koma chilolezo sichitseka chitseko. Mfuti isungidwe yopanda chipolopolo, m'bokosi lokhoma, zipolopolo pena, ndipo makiyi akhale ndi mwini wake yekha. Ife amene tinagwirapo choko tikudziwa kuti mwana amadziwa malo onse obisika a m'nyumba kuposa makolo ake. Pamwamba pa kabati si pobisika. Ndipo mwana amene amaonera mafilimu a nkhondo m'nyumba za kanema pa msika amayesa kuti woombedwa amadzukanso.

Tikaipeza tichite chiani?

Tikapeza mfuti kumunda, m'tchire, mu ukonde, kapena m'katundu wa malemu, tisaigwire, tisaipukute, tisayese kuona ngati ikugwira ntchito. Ya dzimbiri ndi yoopsanso, pakuti ikhoza kuphulikira m'manja. Zipolopolo zisaponyedwe pamoto kapena kusulidwa. Munthu wamkulu mmodzi atsale chapatali kuletsa ana, wina athamange kukauza amfumu ndi apolisi. Anawo tiwaphunzitse zomwezo: osagwira, chokapo, kauze akulu. Tikudziwa kuti ambiri amaopa kupita okha kupolisi, poganiza kuti afunsidwa mafunso ovuta. Pamenepa atsogoleri a mphakati angathandize poperekeza munthuyo pamodzi ndi amfumu. Ku Mozambique mipingo inachita zoposa apa: kuyambira 1995, motsogozedwa ndi Ambuye Dinis Sengulane a mpingo wa Anglican, anthu ankapereka mfuti nkulandira makasu, njinga ndi makina osokera.

Ngozi ikachitika, chofunika msanga ndi kuletsa magazi. Tengani chitenje choyera, chipindeni, ndipo psinjani nacho pabala mwamphamvu osalekeza. Chikanyowa, ikani china pamwamba osachotsa choyambacho. Musayese kutulutsa chipolopolo ndi mpeni, musathire dothi kapena mankhwala azitsamba, ndipo wovulalayo musampatse chakudya kapena chakumwa chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Bala looneka laling'ono kunja likhoza kukhala lalikulu m'kati, makamaka pamimba ndi pachifuwa, choncho ngakhale munthuyo akuyankhula bwino, pezani galimoto apite kuchipatala cha boma ku Salima nthawi yomweyo. Wina apite kupolisi, koma wovulalayo asadikire kuti mlandu uyambe wakambidwa pakhomo.