Injini ya bwato ya ku Feira: ya wogula kapena ya wobwereketsa?

Pa 1 January 2025, buku la malamulo a ku Germany okhudza katundu, ngongole, ukwati ndi chuma chamasiye linakwanitsa zaka 125 likugwira ntchito. Eniake amalitcha Bürgerliches Gesetzbuch, mwachidule BGB. Mkonzi wathu atandiuza kuti ndilembepo kanthu ndinangoseka, poti za ku Berlin zingamukhudze bwanji munthu wa kuno? Kuseka kuja kunandithera padooko la ku Feira, m'boma la Luangwa, pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi.

Ukaima pamenepo maiko atatu umawaona ndi maso. Tsidya la Luangwa ndi Zumbo, ku Mozambique. Tsidya la Zambezi ndi Kanyemba, ku Zimbabwe. Anthu ake amakwatirana, amayenderana pamaliro, koma aliyense akakocheza kwawo amapeza malamulo ena. Zambia anatengera kwa Angerezi, Zimbabwe anatengera malamulo a Aroma ndi Adatchi kudzera ku South Africa, pomwe Mozambique anasiyiridwa buku ndi Apwitikizi.

Padookopo ndinapeza anthu ataunjikana, mkangano uli pa injini ya bwato. Inali itatsamira tsinde la mtengo, atayifunditsa thumba la mchere. Chivindikiro chake chinang'aluka kalekale ndipo wina anachisoka ndi waya. Chogwirira cha chingwe cholizira chinali chosema, cha mtengo wa tsanya, chitachita kusalala ndi thukuta la m'manja. Chogwiriracho ndi chimene chinautsa mapiri pachigwa. Mkulu wina waimvi, msodzi wa tsidya lino, anachizindikira bwato likukocheza, chifukwa anachisema ndi iyeyo.

Mwini bwatolo ndi mayi wogulitsa nsomba zamchere, amene amaoda tsidya lija n'kumatumiza ku Lusaka. Iye anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala kopindapinda, kolembedwa m'Chipwitikizi, kokhala ndi masiginecha a mboni ziwiri. Injiniyo anaigula ku Zumbo miyezi ingapo m'mbuyomo kwa mnyamata wina, ndalama zina anapereka mametikali, zina makwacha. Mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wake wa mkulu uja. Anabwereka injini kwa amalume ake ponena kuti akaphere nsomba kumunsi, kunyanja ya Cahora Bassa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaonekenso.

Mayiyo sanakweze mawu. Anati, "Bambo, ine sindinabe. Munapereka ndinu, ndi manja anu." Mkuluyo anayankha akuloza injini: "Amayi, kubwereketsa si kupatsa."

Gululo linagawikana pawiri. Asodzi ambiri anali kwa mkulu uja, ati chinthu chikapezeka chimabwerera kwa mwini wake, nkhani yatha. Amayi a nsomba anali kwa mnzawo, ati ngati zili choncho ndiye palibe amene angagule kanthu pamsika osafunsa kaye mtundu wonse wa wogulitsa.

Madzulo ndinatsegula foni kuti ndione zomwe buku la mkonzi lija likunena. Boma la Germany limaika malamulo ake pa intaneti kwaulere, ndipo BGB analimasuliranso m'Chingerezi, ngakhale kuti kukhoti amadalira mawu a Chijeremani. Bukuli lili ndi zigawo zisanu: mfundo zoyambira, mapangano ndi ngongole, katundu, banja, ndi chuma chamasiye. Ndime zake zimaposa 2,300, ndipo iliyonse imayamba ndi chizindikiro cha §. Loya wa ku Lusaka kapena ku Blantyre anazolowera kusaka mlandu wakale wofanana ndi wake. Mnzake wa ku Germany amayamba watsegula ndime, kenako mabuku akuluakulu ofotokozera ndimezo, kenakonso zigamulo. Zigamulozo sazitchula ndi maina a okangana ayi, koma ndi khoti, tsiku ndi nambala ya fayilo.

Nkhani ya padooko ija ili pa § 932 ndi § 935. Yoyamba ikuti munthu wogula katundu n'kumulandira, ali ndi mtima woti wogulitsayo ndiye mwini, katunduyo amakhala wake ngakhale wogulitsa uja anali wabodza. Yachiwiri ikuti zimenezi sizichitika ngati katunduyo anabedwa kapena anatayika. Injini ija mwini wake anaipereka yekha. Choncho ku Germany mayiyo akanapita nayo, mkulu uja n'kutsala kulimbana ndi mwana wa mlongo wake. Maganizo ake ndi oti amene anasankha munthu womukhulupirira ndi wobwereketsa, ndiye asenze yekha zotsatira zake. Koma pali kampata: wogula amene anadziwa, kapena amene anatsinzina dala zizindikiro zili poyera, satetezedwa. Mkulu uja, osadziwa n'komwe kuti kuli § 932, anali atagunda kale pomwepo. Funso lake linali lakuti injini yabwinobwino ingagulidwe bwanji pa mtengo wa njinga, wogula osadabwa?

Ndinkaganiza kuti ku Zumbo zikhala chimodzimodzi, chifukwa buku la kumeneko ndi pachibale ndi BGB. Portugal analemba buku latsopano mu 1966 motsata kasanjidwe ka Chijeremani, zigawo zisanu zomwe zija, ndipo mu 1967 analamula kuti ligwirenso ntchito m'maiko omwe ankawalamulira. Mozambique atalandira ufulu mu 1975 analisunga, ngakhale chigawo cha banja anachilowetsa m'malo ndi lamulo lake mu 2004. Koma pa mfundo iyi yokha Apwitikizi anapatukana ndi Ajeremani. Kwa iwo kugulitsa chinthu cha mwini n'kopanda mphamvu, ndipo mwiniyo angathe kuchilanda. Ndime 1301 imangofewetsa pang'ono: ngati wogula anagula mosadziwa kwa wamalonda wogulitsa zinthu za mtundu womwewo, mwini abweze kaye ndalama za wogulayo. Mnyamata uja analibe shopu ya mainjini.

Ku Zambia nakonso mayiyo sangapeze pogwira polimba. Dzikoli limagwiritsabe ntchito malamulo ena omwe analipo ku England pa 17 August 1911, kuphatikizapo la zogulagula la 1893, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yoti munthu sangapatse mnzake umwini umene iyeyo alibe.

Kunena zoona, mtima wanga uli kwa mayiyo. Pamsika wa m'malire ngati uwu, pomwe katundu amaoloka mtsinje kangapo pa tsiku popanda lisiti, wogula sangafufuze mbiri ya chinthu chilichonse, pomwe malume amamudziwa mwana wa mlongo wake kuyambira ali kumsana. Komabe sindingatsutse asodzi aja. Kuno kubwerekana ukonde, nkhafi ndi injini ndiwo moyo, ndipo lamulo loti wobwereketsa aziluza likhoza kuumitsa manja a anthu.

Awiriwo sanatchule zopita kukhoti. Nkhani anaitengera kwa anyakwawa, ndipo tsiku lomwe ndimachoka anali akudikira kuti abale a mnyamata uja abwere kuchokera tsidya lija. Injini anaisungitsa kwa mwini golosale wina wa pafupi ndi dooko, pakati pa matumba a masau ouma. Mayiyo m'mawa mwake anaoloka kupita ku Zumbo pa bwato lopalasa ndi nkhafi, atalipira ngati wina aliyense.