Chaka cha Fizikisi pa Dziko Lonse, 2005: Chiyambi Chake ndi Cholinga Chake

Unduna ukudziwitsa aphunzitsi, ophunzira, makolo ndi anthu onse kuti chaka cha 2005 chinapatulidwa kukhala Chaka cha Fizikisi pa Dziko Lonse. Ganizoli linachokera ku mabungwe a akatswiri a fizikisi. Bungwe la UNESCO linalivomereza mu 2003, ndipo msonkhano waukulu wa United Nations unalikhazikitsa mu Juni 2004. Mwa maiko amene anapereka pempholi kumsonkhanowo munalinso dziko la Lesotho. Mwambo wotsegulira chakachi unachitika kulikulu la UNESCO mumzinda wa Paris mu Januwale 2005.

Chifukwa chosankhira 2005

Fizikisi ndi nthambi ya sayansi imene imafufuza malamulo oyendetsa zinthu za m'chilengedwe: kuyenda kwa zinthu, kuwala, kutentha, phokoso, magetsi ndi mphamvu. Mu 2005 panakwana zaka 100 chilembereni Albert Einstein nkhani zinayi zimene zinasintha phunziroli kuyambira pamaziko. Pa nthawiyo, mu 1905, iye anali wa zaka 26 ndipo sankaphunzitsa pa yunivesite iliyonse. Anali wantchito mu ofesi ya boma youna zipangizo zatsopano zimene anthu apanga, mumzinda wa Bern ku Switzerland, ndipo za fizikisi ankalemba akaweruka.

Nkhani yoyamba inali ya kuwala. Akatswiri anali ataona kale kuti kuwala kukagwera pa zitsulo zina kumatulutsa timphamvu ta magetsi, koma sankamvetsa chifukwa chake izi zimadalira mtundu wa kuwalako osati kuchuluka kwake. Einstein anafotokoza kuti kuwala kumabwera m'timagawo ting'onoting'ono, ndipo kagawo kalikonse kali ndi mphamvu yoyenerana ndi mtundu wake. Ntchito imeneyi ndi imene inamupatsa mphoto ya Nobel ya 1921, ndipo kumvetsa komweku n'kumene kuli pansi pa zipangizo za sola ndi makamera a masiku ano.

Yachiwiri inayankha funso lakale. Mu 1827 Robert Brown anaona pa maikulosikopu kuti tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa timanjenjemera m'madzi osapuma. Einstein anasonyeza mwa masamu kuti tizidutswato timagundidwa mbali zonse ndi tinthu ta madzi tosaoneka. Jean Perrin atayesa masamuwo n'kuwapeza olondola, akatswiri amene ankakayikabe zoti maatomu alipodi anagonja.

Yachitatu inanena kuti liwiro la kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, silisintha kaya woliyezayo waima kapena akuyenda, ndipo chifukwa cha ichi nthawi siyenda mofanana kwa onse. Wotchi imene ikuthamanga kwambiri imachedwerapo poiyerekeza ndi imene yatsala pansi. Yachinayi, yaifupi kwambiri, inasonyeza kuti chinthu chochepa chingasanduke mphamvu zochuluka zedi, monga mwa lamulo lotchuka la E = mc². Umu ndi mmene dzuwa limawalira: sekondi iliyonse, matani pafupifupi 4 miliyoni a zinthu za m'kati mwake amasanduka mphamvu.

Vuto limene chakachi chinkafuna kuthetsa

Chakachi sichinakhazikitsidwe pofuna kulemekeza munthu mmodzi chabe. Amene anachiyambitsa anadandaula kuti m'maiko ambiri achinyamata osankha fizikisi akucheperachepera, pamene moyo wa anthu ukudalira kwambiri zotsatira zake. Magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire ndi mphamvu ya madzi otsetsereka imene yasandutsidwa magetsi. Makina a X-ray m'chipatala, wailesi, telefoni ya m'manja ndi zipangizo zolosera mvula, zonsezi zimafuna anthu ozimvetsa kuti aziyendetse ndi kuzikonza. Dziko limene siliphunzitsa anthu otere limagula makina kunja, ndipo akaonongeka limadikira mlendo. Komanso popanda ophunzira fizikisi lero, mawa sipadzakhala mphunzitsi wake.

Zochitika zapadziko lonse

Pa 18 Epulo 2005, tsiku limene Einstein anamwalira mu 1955, magulu a m'maiko osiyanasiyana anapatsirana chizindikiro cha kuwala kuzungulira dziko lapansi, kuyambira ku Princeton ku America kumene iye anatsirizira moyo wake. Kuyambira pa 31 Okutobala mpaka pa 2 Novembala 2005, mumzinda wa Durban ku South Africa munachitika msonkhano waukulu wokambirana mmene fizikisi ingathandizire chitukuko chokhazikika. Mitu yake inali inayi: maphunziro, umoyo, chuma, ndiponso mphamvu ndi chilengedwe.

Zimene sukulu ndi makolo angachite

Kusowa labotale sikuyenera kulepheretsa sukulu kutenga mbali. Mwala womangidwa kuchingwe n'kuugwedeza umasonyeza ophunzira kuti nthawi ya kugwedezekako imadalira kutalika kwa chingwe, osati kulemera kwa mwala. Ndodo yozika pabwalo, akamayeza mthunzi wake masana mlungu uliwonse, imaonetsa mmene njira ya dzuwa imasunthira m'chaka. M'nyengo ya mvula, ana ali m'nyumba angawerenge masekondi pakati pa kung'anima kwa mphezi ndi kugunda kwake. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho masekondi 9 akutanthauza kuti mpheziyo yagwa pa mtunda wa makilomita atatu. Mwana wodziwa izi amadziwanso chifukwa chake sayenera kuusa pansi pa mtengo wautali kukamagunda.

Unduna ukupempha aphunzitsi akulu kuti apereke mpata wa zoyeserera zotere m'makalabu a sayansi, ndipo aitane makolo ndi atsogoleri a m'dera kudzaona zimene ana apeza. Ukupemphanso makolo kuti asafooketse ana aakazi powauza kuti sayansi ndi ya anyamata. Marie Curie analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 1903, Einstein asanalembe n'komwe nkhani zake zija.