Kulera anapiye m'nyengo yozizira kuno ku Rotherham

Ena mwa ife amene tili ndi kadimba ka allotment kapena kabwalo kuseri kwa nyumba tayamba kuganiza zoweta nkhuku ngati kumudzi. Ndi maganizo abwino ndithu. Koma kumudzi ntchito yofungatira anapiye inali ya thadzi. Kuno mwanapiye amabwera m'katoni wopanda mayi, ndiye mayi wake ndinuyo.

Tiyambe ndi nkhani ya positi. Mwina mwaona pa intaneti anthu akulandira makatoni a anapiye ku positi ofesi. Zimenezo ndi za ku America, kumene positi yakhala ikunyamula anapiye kuyambira mu 1918. Kuno a Royal Mail salola kutumiza anapiye. Mumakatenga nokha kwa woweta, apo ayi amakubweretserani anthu onyamula ziweto pa galimoto. Wina akati mulipire kaye akutumizirani pa positi, musamupatse ndalama zanu.

Mwanapiye amatha kuyenda ulendo chifukwa akatsala pang'ono kuswa, chachikasu cha m'dzira chija chimalowa m'mimba mwake. Chimenechi ndi kamba wa masiku awiri kapena atatu. Choncho njala si vuto kwenikweni. Chimene chimapha ndi kuzizira, pakuti thupi lake silitha kudzifunditsa lokha nthenga zisanamere.

Malo awo akhale okonzeka dzulo lake, osati anapiye atafika kale. Pezani katoni wamkulu kapena beseni lakuya, muike m'chipinda mosapita mphepo. Mu shedi ya ku allotment mu Januwale ayi. Pansi yalani zopalapala za matabwa. Nyuzipepala yokha imaterera ndipo imalemaza timiyendo. Sabata yoyamba, pamene pagona anapiye pafunde madigiri 32 mpaka 35, kenako muzichepetsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse mpaka nthenga zitakwanira, pakatha masabata asanu ndi imodzi kapena kupitirira. Mbali imodzi yokha ndiyo ikhale yotentha kuti akatenthedwa azitha kusuntha.

Ngakhale mulibe choyezera, anapiye amanena okha. Akaunjikana pamodzi n'kumalira mokweza, azizidwa, ndipo apansi aja amafa popanikizika. Akathawira m'mbali atayasama kukamwa, kwatenthetsa. Akamayendayenda, kudya, n'kumagona motayana, ndiye kuti zili bwino.

Zofunditsira zilipo ziwiri. Babu lofiira la mawati 250 limadya mayunitsi 6 a magetsi pa tsiku, komanso likagwera pa zoyala zija limayatsa moto. Ine ndimalangiza brooder plate, kachitsulo kofunda kamene anapiye amalowa kunsi kwake ngati kwa thadzi. Kugula kwake n'kokwererako koma magetsi kamadya ochepa zedi. Inu a mita yolipiriratu, chonde onani mayunitsi musanagone kapena musanapite ku shifiti ya usiku. Magetsi akathima 2 koloko m'bandakucha, pofika m'mawa mupeza maliro. Za mbaula ya makala monga amachitira alimi kwathu iwalani. Nyumba za kuno n'zotsekeka, utsi wa makala sununkha, ungaphe anapiye ndi ana anu omwe.

Akafika, afundeni kaye. Kenako gwirani mmodzimmodzi n'kuviika mlomo wake m'madzi ofunda pang'ono kuti adziwe pomwera. Tsiku loyamba mutha kuikamo kashuga pang'ono. Chomwera chikhale chosazama, muikemo timiyala, chifukwa mwanapiye akanyowa amazizidwa msanga. Chakudya chawo ndi chick crumb, osati ufa kapena madeya okha. Masiku oyamba muziona kumbuyo kwawo. Amene anazizidwa pa ulendo chitosi chimaumira pamenepo n'kutseka njira. Nyowetsani ndi kansalu ka madzi ofunda, musazule, ndipo muumitseni musanamubwezere kwa anzake. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, makamaka ana, poopa matenda otsekula m'mimba.

Malamulo nawo tisawaphonye. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, aliyense woweta nkhuku ku England, ngakhale imodzi, ayenera kulembetsa ku APHA, ndipo kulembetsako n'kwaulere. Makombo a kukhitchini, nsima yotsala yomwe, saloledwa kupatsa nkhuku kuno. Lamulo la Allotments Act la 1950 limalola kuweta nkhuku zazikazi pa allotment, koma tambala mulibemo, ndiye pogula funsani ngati anapiyewo ndi osankhidwa kale. Funsaninso komiti ya allotment yanu, ndipo ngati mukuchita lendi, muuzeni landilodi musanagule.

M'nyengo yozizira n'momwenso mumavuta chimfine cha mbalame, ndipo nthawi zina boma limalamula kuti nkhuku zisatuluke panja. Nkhuku zikayamba kufa motsatizana, musangoti ndi chitopa n'kukwirira. Imbani foni ku Defra pa 03000 200 301.

Ngati simuli pachangu, dikirani Epulo. Anapiye a nthawi imeneyo nthenga zimakwanira kunja kutafunda, ndipo bilu ya magetsi siwawa kwambiri.