Kakhadi Kakang'ono, Mtengo wa Mamiliyoni

Ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa makhadi akale okhala ndi zithunzi za akatswiri a baseball, masewera omenya kampira ndi chibonga. Kodi mtengo wa khadi amaudziwa bwanji?

Choyamba amaona kusowa kwake. Kuyambira 1909 mpaka 1911, kampani ya American Tobacco inkaika makhadiwa m'mapaketi a ndudu. Khadi la Honus Wagner analeka msanga kulisindikiza, ndipo odziwika lero sakwana 100. Mu 2022 limodzi linagulidwa madola 7.25 miliyoni.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Oyesa makhadi amayang'ana ngodya, m'mbali, ndiponso ngati chithunzi chili pakatikati, kenaka amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10. Khadi la Mickey Mantle la 1952, limene linapatsidwa 9.5, linagulidwa madola 12.6 miliyoni mu 2022.

Koma pamene pali ndalama zambiri, chinyengo sichilephera. Mu 2013 wamalonda Bill Mastro anavomera kukhoti kuti anasenga m'mbali mwa khadi lina la Wagner kuti lioneke latsopano. N'chifukwa chake wogula wanzeru amayamba wafufuza manja onse amene khadilo ladutsamo asanatulutse ndalama. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.