Mabakiteriya a m'matumbo ndi ma probiotics

Mabakiteriya a m'matumbo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matumbo a munthu aliyense, makamaka m'matumbo aakulu. Kafukufuku wa mu 2016 anayerekeza kuti munthu wamkulu amakhala ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni m'thupi mwake, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka m'matumbomu. Ochuluka savulaza munthu, ndipo ena ndi ofunika pa thanzi lake. Ma probiotics ndi tizilombo tamoyo timene timathandiza thupi munthu akatidya pa mlingo wokwanira. Tanthauzo limeneli linaperekedwa ndi akatswiri a mabungwe a FAO ndi WHO mu 2001.

Ntchito yake m'thupi

Mabakiteriyawa amagaya mbali za chakudya zimene mimba ndi matumbo aang'ono zalephera kugaya, monga makoko a nyemba, gaga ndi ulusi wa masamba. Pogaya zinthuzi amatulutsa timaasidi timene timadyetsa khungu la mkati mwa matumbo. Amapanganso vitamini K ndi mavitamini ena a gulu la B. Chifukwa chodzaza malo m'matumbo, amalepheretsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana, komanso amathandiza chitetezo cha m'thupi kukhwima.

Mwana amayamba kulandira mabakiteriyawa pobadwa ndi poyamwa. Mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu ina ya shuga imene mwana sangaigaye, koma imadyetsa mabakiteriya otchedwa Bifidobacterium. Akamafika zaka zitatu, mabakiteriya a m'matumbo mwake amakhala atayamba kufanana ndi a munthu wamkulu.

Mbiri

Mu 1907 Élie Metchnikoff, wasayansi wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku Pasteur Institute mumzinda wa Paris, analemba kuti mabakiteriya a mu mkaka wosasa angathandize munthu kukhala ndi moyo wautali. Ku Japan, Minoru Shirota anapeza mtundu wina wa Lactobacillus umene unayamba kugulitsidwa m'chakumwa cha Yakult mu 1935.

Zakudya za kumudzi

M'madera a mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga ku Chezi pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, chakumwa chosasa chodziwika kwambiri ndi thobwa. Amayi amaphika phala la ufa wa chimanga, nkulisiya kuti lizizireko, kenako amathiramo chimera cha mawere kapena cha chimanga. Chimera chimasandutsa phalalo kukhala lamadzi ndi lotsekemera. Likagona, mabakiteriya amadya shugayo nkutulutsa asidi amene amawawasitsa thobwa. Chambiko ndi yogati zimapangidwanso ndi mabakiteriya a gulu lomweli, koma kuchokera ku mkaka.

Si chakudya chilichonse chosasa chimene chili ndi tizilombo tamoyo. Kutentha kumapha mabakiteriya, choncho thobwa longowiritsidwa kumene silikhala ndi amoyo ambiri. Thobwa likhoza kudwalitsanso ngati lasungunulidwa ndi madzi osatetezedwa kapena lasungidwa m'chigubu chosatsuka. Zakudya zimene zimadyetsa mabakiteriya amene ali kale m'matumbo ndi monga mgaiwa, nyemba, khobwe, nandolo, soya, mbatata, nthochi, nkhwani ndi bonongwe. Ufa woyera umakhala ndi chakudya chochepa cha mabakiteriyawa chifukwa gaga amachotsedwa pokonola.

Kafukufuku wa ku Malawi

Mu 2013 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa mapasa a m'mabanja 317 a ku Malawi, wotsogoleredwa ndi gulu la Jeffrey Gordon la ku Washington University mumzinda wa St. Louis. M'mabanja ambiri mwana mmodzi ananyentchera pamene mnzake anali bwinobwino. Ofufuza anatenga mabakiteriya a ana odwala kwashiorkor nkuwaika mu mbewa za mu labotale zimene zinalibe mabakiteriya ena alionse. Mbewazo zitapatsidwa chakudya chofanana ndi cha kumudzi, zinaonda kwambiri. Chiponde chinasintha mabakiteriya a anawo kwa kanthawi, koma zinthu zinabwerera m'mbuyo atasiya kudya.

Kafukufuku wina wotchedwa PRONUT anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndipo zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2009. Pa ana 795 onyentchera kwambiri, ena anapatsidwa ma probiotics pamodzi ndi chakudya chawo, ena ayi. Ochira anali pafupifupi 54 pa 100 alionse m'gulu loyamba ndi 51 pa 100 alionse m'gulu lachiwiri, kusiyana kochepa kosakwanira kutsimikiza kuti ma probiotics anathandiza.

Chenjezo

Mitundu ina ya ma probiotics imachepetsa kutsegula m'mimba kobwera chifukwa cha maantibayotiki, pakuti mankhwalawa amapha mabakiteriya oipa ndi abwino omwe. Komabe mtundu umodzi ukathandiza sizitanthauza kuti yonse imathandiza. Anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi makanda obadwa masiku asanakwane akhoza kudwala nawo, choncho ayenera kufunsa kaye kuchipatala. Mwana akatsegula m'mimba, chithandizo choyamba ndi Thanzi ORS, mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14 ndi kupitiriza kuyamwitsa. Thobwa kapena yogati sizilowa m'malo mwa chithandizochi.